Timayiki Titatu ndi Chidindo cha Masatifiketi

"Chatsala chikwama icho. Tsegulani," anatero a Sajenti.

Mchimwene wake wa Makutu anagwada n'kukoka zipi. Munali malenzi awiri, zingwe, mabatire ndi thaulo lopukutira thukuta. Chidindo munalibe.

"Kusapezeka muno sikuti simunatenge," a Sajenti anatero, uku akugwedeza cholembera chawo chomwe chinkakana kulemba. "Mwavomera nokha kuti pa nthawi ya nkhomaliro munalowa mu ofesi."

"Ndinakalumikiza chaja basi, bwana."

"Mukafotokozera kutsogoloko."

Makutu, mtsikana wojambula mawu, anaimirira pakhomo la ofesiyo, mahedifoni ali m'khosi. Dzinali anamupatsa ali mwana, chifukwa ankadziwa amene akubwera pongomva mapazi. Tsopano makutuwo ndiwo ankamudyetsa. Mchimwene wake ankagwira kamera, iye ankasamala mawu. Tsikulo anaitanidwa pa kampani yosindikiza mapepala kudzajambula vidiyo yokumbukira zaka makumi anayi chiyambireni ntchito.

Nkhomaliro isanakwane, Mayi, eni kampaniyo, anatsegula dirowa n'kuonetsa kamera chinthu chimene ankachinyadira kwambiri: chidindo chachitsulo cha sukulu ina ya anamwino, chija chofinya pepala n'kusiya chizindikiro chotumphuka. Sukuluyo inkasindikizitsa masatifiketi ake pompo, ndipo inawakhulupirira kuti azisunga chidindocho. Anthu atabwerako kokadya, mchimwene uja anapempha kuti achijambulenso chapafupi. Mayi anakoka dirowa n'kupeza mulibe kanthu.

"A Sajenti," anatero Makutu, "achimwene angawa musanawatenge, ndibwerekeni ola limodzi."

"Inu ndinu loya?"

"Ayi, ndine wa mawu. Koma muno muli mboni zitatu zomwe simunazifunse."

A Sajenti anaunguzaunguza. "Zili kuti?"

Makutu analoza kabokosi kakuda, kochepa ngati ka machesi, komwe kanali kopanidwa pa kolala ya mkamwini wa Mayi.

*

A Sajenti anayamba ndi anthu, monga mwa ntchito yawo. Makutu anakhala pakona n'kumamvetsera.

Mayi analankhula mofulumira, dzanja lili pachifuwa. "Zaka makumi anayi, bambo, ngakhale pini sinasowepo muno. Kiyi ndinaisiya padirowa, ndavomera, kamera inandisokoneza mutu. Itangokwana 12:30 ndinapita kutsogolo kukaonana ndi kasitomala wa makalendala, munthu wovuta ngati dzino lobooka. Ndinatha naye theka la ola. Mukudziwa tanthauzo la chidindo chimenechi? Munthu woti sadziwa pobaya jakisoni atha kukavala yunifomu mawa. Ndipo asukulu akamva, ife basi, titseke."

Mkamwini, yemwe ankakonza zithunzi ndi zilembo pakompyuta, analowa akupukuta magalasi ake ndi tayi.

"Munali kuti kuyambira 12:30 mpaka wani koloko?"

"Ndinali... kunja pang'ono."

"Kunja kuti?"

"Chakuseri. Kupitidwa mphepo, tingotero."

"Ndani anakuonani?"

Mkamwini anayang'ana mchimwene wa Makutu kudzera pagalasi la chitseko, n'kuweramitsa mutu. "Ndingakonde kusayankha limenelo, ngati lamulo likulola."

A Sajenti analemba mzere wautali pansi pa mawuwo. Cholembera chinalemba bwino ulendo uno.

Omaliza anali a Fomani, bambo wa imvi, wovala ovolosi yothimbirira ndi inki. Anagwira ntchito pamenepo zaka makumi atatu. Anakhala pansi mwaulemu, n'kutsokomola kaye.

"Ine nkhomaliro sindidya makina akamayenda, bwana. Timabuku zikwi zinayi tikufunika mawa. Sindinasunthe pamakina. Ndipo musavutike n'kundikhulupirira ine. Mtsikanayu anatiuza m'mawa kuti kanyali kofiira ka pa kamayiki kakayaka ndiye kuti kakujambula. Kanga sikanazime. Mverani, mumva makina okhaokha."

"Mwaona?" a Sajenti anauza Makutu a Fomani atatuluka. "Munthu wosalakwa amatero."

M'mawa uja Makutu anafotokozeradi onse atatu za kanyaliko. Mayi ankayankha foni, mkamwini ankadzikonza tsitsi. A Fomani okha ndiwo anamvetsera mpaka kufunsa mafunso.

*

Anayala laputopu pa tebulo lodulirapo mapepala. Mkamwini ndi a Fomani anavula timayiki tawo. Mayi anadzifufuza pachifuwa n'kupeza palibe.

"Kanga kaja kamandikanda. Ndinakavula ndisanapite kwa kasitomala. Ndinakasiya... dikirani." Anathamangira mu ofesi n'kubwera nako. "Kanali pa desiki, pansi pa mpango wanga."

Kanyali kake kofiira kanali kakuyakabe. Makutu anangomva mtima kuti myaa.

"Tandifotokozereni mwachidule," anatero a Sajenti. "Kamera inali yozima. Ndiye mawu achokera kuti?"

"Timayiki topanda mawaya tilipo mitundu iwiri, bwana. Tina timangotumiza mawu ku risiva, kabokosi kolandira kaja kali pakamerako. Kamera ikazima, kapena munthu akapita kuseri kwa khoma, mawu atayika. Achimwene angawa ankafuna timeneto, ati n'totsika mtengo."

"Lero si tsiku lake, iwe," anadandaula mchimweneyo.

"Ine ndinakana. Malo ngati ano, odzaza zitsulo ndi mafoni, mawu amadukaduka popita ku risiva. Ndinasankha iti, tomwe timatumiza komanso timasunga tokha m'kati. Batire yake imatha tsiku lonse. Chiyatsireni m'mawa sitinapume."

"Nanga nthawi tidziwa bwanji?"

"Tisanayambe ndinaomba m'manja kamodzi, onse atatu ataima pamodzi. Wotchi ya kamera inkati 9:05." Analoza pasikirini mizere itatu yonga mapiri, uliwonse uli ndi kansonga kakatali koyambirira. Anaikoka mpaka tinsonga titatuto tinalunjikana. "Tsopano mizere yonse ikuyenda pa wotchi imodzi."

Anayamba ndi ka Mayi. Anakweza sipika.

12:31. Nsalu kukhwekhwereza, kenako Mayi akung'ung'udza kuti kachinthuka kawatopetsa. Chitseko kutsekeka. Zii.

12:34. Chitseko kutseguka mwaphokoso. Munthu akuimba mluzu wosalongosoka. Pulagi kulowa pakhoma. Mluzu kutuluka, chitseko kuti phwa.

"Ameneyo ndi ine," anatero mchimweneyo.

"Ndikudziwa, mluzu woipa chonchi ulipo umodzi padziko," anayankha Makutu. "Mwamva dirowa, a Sajenti?"

"Sindinamve. Koma akhoza kubwereranso."

"Tiyeni timve."

Mzere unagona phee kwa mphindi zisanu ndi ziwiri. Kenako pa 12:41 panaoneka kanthu kakang'ono. Makutu anakweza mawu mpaka pamapeto. Chogwirira cha chitseko chinatembenuka pang'onopang'ono. Mapazi anayi ofewa. Kiyi kuti khethe. Dirowa kukokedwa, chitsulo cholemera kukhula thabwa. Dirowa kubwezedwa. Chitseko.

Munthuyo sananene kanthu, sanapume n'komwe mokweza.

Onse anayang'anana. Mayi anakhala pansi pa mulu wa mapepala.

*

"12:41," anatero a Sajenti. "Wakamera, munali kuti nthawi imeneyo?"

Mchimweneyo anakanda m'mutu. "Ndinalonjeza munthu kuti sindinena."

"Mukagona m'chitokosi chifukwa cha lonjezo?" Makutu anamuyang'ana ndi diso lomwe ankamuyang'ana nalo akaiwala kuchotsa chivindikiro cha lenzi. Kenako anatembenukira kwa mkamwini. "Bambo, mawu ali mu kamayiki kanu ndi anu. Pa ntchito yanga sindimvetsera zomwe munthu walankhula tikupuma. Koma lero ndikupempha."

Mkamwini anatuluka thukuta pamphuno. Anayang'ana apongozi ake, n'kuyang'ana kudenga. "Chabwino. Koma amayi akanatuluka kaye."

"Ndituluke pa kampani yanga?" anatero Mayi. "Tsegula, mwanawe."

Kunamveka mphepo, galimoto zikudutsa patali, ndi mawu a mkamwini, okuluwika ngati a wowerenga nkhani pawailesi.

"Ine monga mkulu wa zaluso pa kampani ino... ayi. Ine, amene ndili msana wa kampani ino... ayi, amayi akwiya. Ineyo, pamodzi ndi apongozi anga okondedwa..."

Mayi anaika dzanja pakamwa. A Sajenti anayang'ana kumbali, mapewa akugwedezeka.

Kenako pa 12:38 kunamveka mluzu uja ukuyandikira, ndi mawu a mchimwene wa Makutu: "Akulu, mukuchita chiyani kuseri kuno?" Mkamwini anamuchonderera kuti asauze munthu, ndiponso kuti amuphunzitse poika manja akamalankhula pa kamera. Phunzirolo linatenga mphindi makumi awiri. Pa 12:41 yeniyeniyo mchimweneyo ankanena kuti, "Ayi, musamagwire tayi, mukuoneka ngati mukudzipachika."

"Awiri achoka," anatero Makutu. "Mayi anali ndi kasitomala, mutha kumuimbira."

"Ndiye kuti ndi munthu wakunja," anatero a Fomani, omwe anali ataima chakumbuyo, manja m'matumba. "Chitseko cha kumbali chija sichitsekedwa masana."

"Mwina," anatero Makutu. "Timve kanu, bambo."

*

Makina osindikizira anadzaza chipinda chonse: gudu-tsa, gudu-tsa, gudu-tsa. Makutu anadumphira pa 12:41. Gudu-tsa, gudu-tsa. Pa 12:43, chimodzimodzi.

"Basi, zamveka," anatero a Sajenti. "Bambowa anali pamakina."

"Kamayiki kanali pamakina," anatero Makutu.

"Kusiyana kwake?"

"Bwerani pafupi, bwana." Anatenga kamayiki kamodzi n'kukapana pa kolala ya a Sajenti, chikhato chimodzi pansi pa chibwano, monga ankachitira ndi aliyense. Kenako anawaveka mahedifoni olumikizidwa ku risiva. "Imani phee. Musalankhule, musasunthe. Yesetsani kukhala ngati mulibe."

A Sajenti anaima njo. Patapita kanthawi nkhope yawo inasintha.

"Ndikumva kupuma kwanga. Ndi malaya. Ichi n'chiyani chikulirachi?"

"Mimba yanu, bwana. Simunadye."

Mchimwene wake anaseka mpaka a Sajenti anamuyang'ana.

"Kamayiki kakakhala pa munthu, munthuyo sabisika," anapitiriza Makutu. "Theka la ntchito yanga ndi kulimbana ndi phokoso limeneli. Ndimamata tepi, ndimapinda kolala, ndimapempha anthu avule mikanda. Sizitheratu. Tsopano mverani a Fomani m'mawa, cha m'ma 11 koloko."

Makina ankalira, koma kulira kwake kunkakwera n'kutsika pamene munthuyo ankawazungulira. Ovolosi inkakhwekhwereza. Mphindi iliyonse kunkabwera kachifuwa kouma, ndipo nthawi zina mawu otsika, achikondi: "Tiye, nkhalamba yanga, usandichititse manyazi pamaso pa alendo."

"Amalankhula nawo makinawo chiyambire," anatero Mayi motsitsa. "Tonse timawaseka."

"Tsopano onani apa." Makutu anakuza mzerewo pasikirini. "Kuyambira 12:37 mpaka 12:46. Mphindi zisanu ndi zinayi. Phokoso silikukwera, silikutsika, lili ngati lajambulidwa ndi rula. Palibe chifuwa, palibe nsalu, palibe mpweya. Makina awa mukawadzaza mapepala amayenda okha, si choncho, Mayi?"

"Mphindi khumi ndi zisanu, ngati sanatsamwe."

"Ndipo m'mawa kamayiki aka ndinakapana ndekha kumanja kwa kolala, chifukwa kumanzere kuli thumba la zolembera zomwe zimagogoda. Pomwe mumavula posachedwapa, bambo, kanali kumanzere."

A Fomani anatsokomola. "Kanagwa. Ndinakatola n'kukabwezera. Ndi mlandu?"

"Kakagwa timamva. Kamalira ngati bomba." Anabwerera pa 12:37. Kunamveka zala zikugwira kamayiki mosamala, kenako kachitsulo kopanira kuti tsa pa chinthu cholimba. "Apa mukukapana pa chitsulo cha makina. Tsopano kumapeto."

12:46. Pansi pa phokoso la makina panamveka zinthu zitatu. Makutu anazibwereza kawiri, atachepetsa kulira kwa makinawo. Chitsulo kugwera m'chinthu chopanda kanthu, kuti ngwe. Chivindikiro. Kugogoda kuwiri. Kenako zala pa kamayiki, nsalu, ndi chifuwa chachitali, chowawa, cha munthu amene wachigwira nthawi yaitali.

A Sajenti anavula mahedifoni pang'onopang'ono. "Chinthu chopanda kanthu chija n'chiyani?"

Makutu anali atanyamuka kale.

*

Kuseri kwa makina kunali shelefu ya zitini za inki, mizere itatu, zonse zofanana. Makutu anabwereka cholembera cha a Sajenti n'kuyamba kugogoda chitini chilichonse, khutu lili pafupi. Zodzaza zinkayankha mogonthera. Du. Du. Du. Anamaliza mzere wapamwamba, n'kuyamba wapakati. Wina anali atazimitsa makina, ndipo chipinda chinkamveka chachikulu.

Chachisanu pa mzere wapansi chinalira mosiyana.

"Ichi."

A Sajenti anachinyamula, ndipo m'kati munagubuduka chinthu. Anatsegula chivindikiro ndi kiyi wa galimoto. Chidindo chinali momwemo, chokulungidwa theka ndi kansanza.

Mayi sanakuwe. Anangoyang'ana a Fomani, ndipo mawu awo atatuluka anali aang'ono. "Inu? Munanyamula bokosi la malemu amuna anga, inu."

A Fomani anatulutsa manja m'matumba. Anakhala pa kampando kawo ka pamakina, kamene kanali katatha pakati chifukwa cha zaka.

"Ndikanabweza mawa m'mawa, Mayi. Dirowa imene ija simuitsegula mpaka tsiku lodinda. Sindinadziwe kuti afuna kujambulanso."

"Mukanabweza mutachita nacho chiyani?" anafunsa a Sajenti.

"Pepala limodzi. Lili kunyumba, pansi pa matiresi. Ndinalisindikiza mwezi watha pamodzi ndi enawo." Anayang'ana shelefu ya zitini ija. "Mwana wanga wamkazi waphunzira pa sukulu imeneyo zaka zitatu. Mayeso omaliza walephera kawiri, phunziro limodzi lokha. Anzake onse masatifiketi awo adutsa m'manja mwangamu. Ndinkawerenga maina awo, mmodzimmodzi, ndikuwayanika. Iye wangokhala m'nyumba, satuluka, sadya. Ndinati pepala ndi pepala, ndimapanga ndine."

"Iyeyo akudziwa?"

"Akanadziwa akanandilavulira."

"Pepala limenelo likanamufikitsa pa bedi la wodwala," anatero Mayi. "Mwina mdzukulu wanga. Mwina inu nomwe ndi chifuwa chanucho."

A Fomani anagwedeza mutu, osatsutsa.

"Nanga achimwene angawa?" anafunsa Makutu. Sanakweze mawu. "Zikwama zawo zikukhuthulidwa, inu munaima apo n'kumaonerera. Akanakwera galimoto ya apolisi mukanatani?"

Bamboyo anayang'ana mchimweneyo kwa nthawi yoyamba. "Ndinkadziuza kuti sapeza umboni, amumasula madzulo. Ndinkadziuza zambiri. Pepani, mwana wanga."

Mchimweneyo anayang'ana pansi, n'kuyamba kulongedza malenzi ake.

A Sajenti anatseka kabuku kawo. "Mayi, chidindo chapezeka, koma pepala lija ndi nkhani ina. Tipita kukalitenga, ndipo bambowa akalemba sitetimenti. Asukulu ayenera kudziwa."

"Ndiwaimbira ndekha," anatero Mayi. "Amve kwa ine, osati kwa wina. Akafuna kutichotsera ntchito, achotse." Anapukuta m'maso ndi mpango. "Ndipo ndiwafunsa ngati mwanayo angaloledwe kulembanso kachitatu. Iye sanabe kanthu."

A Fomani anaphimba nkhope ndi manja awo akuda ndi inki. Atawachotsa anapempha a Sajenti kuti aimbe kaye foni kunyumba, kuti galimoto ya apolisi isakangofika pakhomo mwadzidzidzi. A Sajenti anavomera. Bamboyo anatulutsa foni yakale yosweka galasi, anasaka nambala, koma chala chinaima m'mwamba. Maso awo anali pa tebulo, pomwe timayiki tiwiri tinali tikuyakabe, ndi pa kolala ya a Sajenti.

"Mtsikana," anatero, "ndimati ndilankhule ndi mwana wanga."

Makutu anatola timayikito kamodzikamodzi, n'kuchotsanso ka pa kolala ya a Sajenti. Anadina batani la kalikonse mpaka kanyali kofiira kanazima, n'kuwaonetsa a Fomani kuti aone okha. Kenako anakankha mchimwene wake ndi mkamwini kuti atuluke, iye n'kutsatira. A Sajenti anatsala pakhomo, atafulatira.

Foni inaitana katatu. Makutu anavala mahedifoni ake, osalumikiza ku chilichonse, n'kukoka chitseko.